Abwana anga sandigwira chanza, ndipo satseka chitseko: ndalakwanji?

Mayi wina wosunga mabuku a ndalama ku Glenhazel, Johannesburg, watilembera: "Abwana anga ndi Myuda wa Orthodox, wosunga kwambiri malamulo a chipembedzo chawo. Sanandigwirepo chanza. Ndikalowa muofesi mwawo amasiya chitseko chili chotsegula, ndipo tsiku lina anandiweruketsa msanga chifukwa tinatsala awiriwiri. Kodi amanyansidwa nane?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, simunalakwe. Akusunga malamulo awiri.

Lalikulu ndi yichud: mwamuna asakhale pobisika ndi mkazi yemwe si wake kapena wachibale wapafupi kwambiri. Lili m'mabuku a malamulo a Chiyuda: mu Talmud komanso mu Shulchan Aruch, gawo la Even HaEzer, mutu 22. Pa lamuloli amachita kuwerenga anthu amene alipo. Mwamuna mmodzi ndi akazi awiri, sizinakwanebe. Mkazi mmodzi ndi amuna awiri odzisunga, Ayuda a Ashkenazi (amene makolo awo anachokera ku Ulaya) amalola masana m'tauni, koma usiku pafunika amuna atatu.

Chitsekocho chimathandiza pokhapokha ngati munthu angathe kutulukira osayembekezeka. Apa ndi pamene zimavutira. Ikakwana 5 koloko anzanu aweruka, mlonda wakhoma geti, ndiye kuti nyumba yonse yasanduka chipinda chimodzi, ngakhale cha muofesi chikhale chotsegula bwanji. N'chifukwa chake anakuuzani muzipita. Pali chilolezo china chakuti ngati mwamuna wa mayiyo ali m'tauni momwemo palibe vuto, koma sichigwira kwa anthu ozolowerana, ndipo arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) ambiri amati ogwira ntchito limodzi tsiku ndi tsiku ndi ozolowerana.

Chikepe chokwerera m'nyumba zosanja sichivuta: Rabbi Moshe Feinstein wa ku New York, amene anamwalira mu 1986, analola chifukwa ulendo wake ndi waufupi zedi.

Lachiwiri ndi negiah, loletsa mwamuna kukhudzana ndi mkazi yemwe si wake kapena wachibale wapafupi. Feinstein sankavomereza moni wa m'manja. Ena amalola kulandira dzanja ngati mayi wayamba kutambasula, poopa kumuchititsa manyazi. Musawaike abwana anu pampanipani. Perekani moni wapakamwa, n'kuweramitsa mutu pang'ono, basi.

Chomwe sitingavomereze n'chakuti lamulo lawo likudyereni mwayi. Lamulolo ndi lawo, choncho kukonza njira ndi udindo wawonso. Pemphani kuti nkhani za malipiro kapena kukwezedwa muzikambirana m'mawa anthu ali piringupiringu, m'chipinda cha magalasi choonekera kwa odutsa. Pakakhala ntchito yomaliza usiku, gwirizanani kudakali masana: muichitire kunyumba pa kompyuta, kapena patsale anthu okwanira, ndipo maola amenewo alembedwe.