Galu wolira m'khola masana onse: yankho kwa mayi a ku Area 25

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ali ndi galu wa chaka chimodzi amene amamutsekera m'kakhola ka malata kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumutsegulira usiku kuti azilondera. Masiku ano galuyo akungolira masana onse, nsonga za makutu zachita zilonda, ndipo akangotsegulidwa amakumba maenje pabwalo ponse. Bambo a kunyumba akuti asiyidwe momwemo chifukwa galu wotsekeredwa ndiye amalusa. Mayiwa akufunsa kuti: "Ndimugulire chiyani kuti azikhala mosangalala?"

Mayi, ndalamayo isungeni kaye. Mawa dzuwa likafika paliwombo, pitani kukholako, mugwade, mulowetse mutu ndi mapewa m'katimo. Zimene mukamve ndi zimene galu wanu akulirira.

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Kathukuta kake n'kochepa, kotulukira kumapazi, ndipo njira yake yeniyeni yodziziziritsira ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja. Njira imeneyi imafuna mpweya woyenda. Thupi lake limakhala kale pa madigiri 38 kapena 39, ndiye mu Okutobala ndi Novembala, Lilongwe akamapitirira madigiri 30, kakhola ka malata kotseka mbali zonse kamasanduka uvuni. Agalu amafa nako kutentha koteroko. Maenje akukumbawo mbali ina ndi kufuna dothi lozizira la pansi kuti agonepo, mbali ina ndi mphamvu zimene wazisunga tsiku lonse popanda pozitulutsira.

Kholalo lisunthireni pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango ngati ulipo, kapena mbali ya nyumba imene sikuwomba dzuwa lamasana. Ngati eni nyumba sakulola kusuntha, folerani udzu wochindikala pamwamba pa malatawo, ndipo dengalo likwezedwe kuti pakati pa khoma ndi denga pakhale mpata wotulukira mpweya wotentha. Mbali imodzi ichotsedwe lata, paikidwe waya. Kukula kwake kukhale koti galu aimirire osagunda mutu, atembenuke, agone atatambasula miyendo yonse.

Pansi ndiye pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amathira mchenga poganiza kuti ndi wofewa. Koma pali ntchentche ina imene imaikira mazira m'dothi kapena mumchenga wa pamthunzi wonunkha mkodzo ndi chimbudzi, ngakhalenso pansalu yonyowa. Galu akagonapo, timphutsi timaboola khungu n'kumakulira momwemo. Mudzaona totupa tokhala ndi kabowo pakati, makamaka pamimba ndi m'miyendo, ndipo nyengo ya mvula ndiye zimachuluka. Mukapaka Vaseline pakabowopo, mphutsi imasowa mpweya n'kusuzumira, ndipo mukafinya pang'onopang'ono imatuluka yonse. Koma bwanji kudikira zimenezo? Pansi pakhale simenti yotsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka mukamatsuka. Pakona muike matabwa okwera pang'ono, pamwamba pake chiguduli kapena bulangeti lakale. Chogoneracho chizichapidwa sabata iliyonse, chiziyanikidwa pachingwe padzuwa, osati pansi, mpaka chiume gwa. Mu Juni ndi Julayi onjezerani bulangeti lina ndi kutchinga mbali yochokera mphepo.

Ming'alu ya m'khoma imatidwe. Nkhupakupa za agalu zimabisala ndi kuswana mmenemo, n'chifukwa chake mumatha kusambitsa galu mankhwala lero, sabata yamawa zadzadzanso. Nkhupakupa zimabweretsa matenda owononga magazi: mukaona wafooka, sakudya, ndipo mukatukula mlomo nkhama zayera, thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Musayerekeze kumusambitsa mankhwala a m'munda kapena dibi ya ng'ombe yosungunula mongopenekera.

Za makutuwo, ndi ntchentche zoluma, ndipo chikuziitana ndi chimbudzi komanso zakudya zotsala pafupi ndi khola. Muzichotsa tsiku lililonse. Zilondazo muzitsuke ndi madzi ofunda othira kamchere, kenako mupake mafuta othamangitsa ntchentche amene a zaziweto amagulitsa. Madzi akumwa asamasowe, m'chiwiya cholemera choti sangachigubuduze. Mphika wakale wachitsulo umagwira bwino ntchito kuposa kabeseni kapulasitiki.

Tsopano kwa bambo, ndipo ndilankhula mwaulemu chifukwa maganizo awowo ndi a anthu ambiri. Zoona, galu wotsekeredwa amatha kuluma, koma amaluma chifukwa cha mantha, ndipo sasiyanitsa wakuba, mwana wa aneba kapena wodzawerenga mita ya madzi. Ntchito ya galu wolondera ndi kudziwa a pakhomo ndi kuuwa akamva mlendo. Angawadziwe bwanji anthu amene amangomva mawu awo kuseri kwa lata? Komanso galu amene wakhala akuwefuka maola khumi, usiku amakhala wotheratu. Enanso amafika pomupatsa chamba ati kuti aluse. Kumeneko n'kumudwalitsa basi.

Ngati muli ndi mpanda, muzimutsegulira masana ena kuti azisankha yekha pogona. Ngati mulibe, mangani waya wautali pakati pa mitengo iwiri, tcheni chake chizitsetsereka pawayapo, mthunzi ndi madzi azizifikira. M'mawa kapena madzulo wina ayende naye pachingwe, osati masana phula litatentha, chifukwa limamuwotcha mapazi.

Popeza aziyandikana kwambiri ndi ana, katemera wa chiwewe ndi wosakambirana. Amayamba galu ali ndi miyezi itatu, n'kumabwereza chaka chilichonse. Kwanuko kuli a LSPCA, bungwe losamalira ndi kuteteza nyama, komanso ofesi ya boma ya zaziweto. Mukapita, funsaninso mankhwala a njoka za m'mimba, amene galu wamkulu amamwa miyezi itatu iliyonse. Pa chakudya simunafunse, koma nsima yokha siyikwana: muzisakaniza ndi bonya kapena zotsala za nyama. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Ndiwo zodzadza anyezi nazonso ayi, anyezi amawononga magazi a galu.

Disembala amabwera ndi mabingu, kenako makombola a usiku wa Chaka Chatsopano. Agalu ambiri amasowa nthawi imeneyi chifukwa cholumpha mpanda ndi mantha. Usiku umenewo mulowetseni m'khitchini kapena m'sitolo, mumuyalire chiguduli chake chomwe chija, mutseke mawindo, wailesi izilira chapansipansi. Bambo muwauziretu lero kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale mkangano pakhomo.