Kadirowa ka DVD pa kompyuta: yankho kwa amayi a ku Katete

Amayi ena a ku Katete, omwe ndi mlembi wa kwaya ya kumpingo kwawo, anditumizira imelo. Anagula kompyuta ya patebulo yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kutsogolo kwake kuli kadirowa kolembedwa kuti DVD-RW. Ana awo akuti zimenezo n'zachikale, fulashi ndi foni n'zokwanira. Koma iwo ali ndi mavidiyo a kwaya, zithunzi za ukwati wa mwana wawo ndi makalata a mpingo, ndipo fulashi yawo yagwidwapo ndi vayirasi kawiri. Akufunsa zinthu zitatu: kodi kadirowako kangawathandize, agule disiki yotani, nanga n'chifukwa chiyani vidiyo imene mnyamata wina anawawotchera (kutanthauza kuwalembera pa disiki) pamsika inakana kusewera pa DVD pleya ya kunyumba.

Amayi, ana anu akunena zoona pang'ono chabe. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kunyamula kalata kupita nayo kokasindikiza, fulashi ndi yabwino ndipo palibe wotsutsa. Koma kadirowako kali ndi luso limodzi limene fulashi ilibe. Chinthu mukachiwotcha pa DVD-R n'kutseka disikiyo kuti pasalembedwenso china, basi chakhazikika. Vayirasi ija imene imabisa mafoda anu n'kusiya timashotikati m'malo mwake singalembepo kanthu, ngakhale mutaika disikiyo mu kompyuta yodwala kwambiri ya pa intaneti kafe. Mdzukulu wamanja oyabwa sangafufute. Munthu wobwereka sangaikepo nyimbo zake. Fulashi ili ngati dengu loyenda nalo kumsika, pamene disiki yotsekedwa ili ngati nkhokwe yomata. Zithunzi za ukwati malo ake ndi m'nkhokwe.

Chenjezo limodzi pomwepa: yambani mwayeretsa mafayilo ndi antivayirasi musanawotche. Mukawotcha foda yomwe ili kale ndi vayirasi, nayonso yakhazikika mpaka kalekale.

Tsopano za disiki. Zilembo za RW pa kadirowa zikutanthauza kuti makinawo amawerenga komanso kulemba, ndipo amawotcha CD ndi DVD zomwe. M'sitolo mupeza DVD-R ndi DVD+R, zolembedwa kamodzi kokha, ndi DVD-RW kapena DVD+RW, zomwe mungafufute n'kulembanso. Makina a zaka zaposachedwa amalandira zonse, koma ma DVD pleya akale kwambiri amagwirizana bwino ndi DVD-R, choncho gulani imeneyo. Ya RW khalani nayo imodzi kapena ziwiri zoyeserera, si yosungirapo zinthu zamtengo wapatali. Palinso yolembedwa DL, ya magawo awiri, yonyamula 8.5 GB. Ndi yodula, imavuta kuwotcha, ndipo mapleya ambiri akale amajejema akafika polumikizira magawo awiriwo. Isiyeni pokhapokha mutasowa pogwira.

Pa chikuto pamalembedwa 4.7 GB, koma kompyuta idzakuonetsani 4.38 GB. Sanakubereni. Opanga madisiki amawerenga mu ma 1000, kompyuta imawerenga mu ma 1024, n'chifukwa chake manambala amasiyana. Musadzaze mpaka pakamwa. Lekezani pa 4.2 GB kapena kuchepera, chifukwa makina amalemba kuyambira pakati kupita kunja, ndipo m'mphepete ndi momwe zala zimagwira, momwe disiki imakalika, komanso momwe madisiki otchipa amalephera. Ngati chithunzi chimodzi cha foni ndi 3 MB, disiki imodzi inyamula zithunzi pafupifupi 1,400. Makalata a mpingo a zaka khumi sangadzaze n'komwe theka. Vidiyo ndiyo imadya malo: ya foni yojambulidwa pa 1080p imatha kupitirira 100 MB pa mphindi imodzi, ndiye disiki imadzaza musanafike ola.

Kuwotcha mafayilo wamba pa Windows sikufuna pulogalamu yapadera. Ikani disiki yopanda kanthu, ndipo pabwera funso lakuti mukufuna kuigwiritsa ntchito bwanji. Pali mayankho awiri: "Like a USB flash drive" ndi "With a CD/DVD player". Anthu ambiri amasankha loyamba chifukwa ndi lomwe limamveka lodziwika, ndipo pamenepa ndi pomwe mavuto amayambira. Njira yoyambayo imasiya disiki yotseguka kuti muziwonjezerapo, ndipo makina ena, makamaka mapleya, saiwerenga. Sankhani yachiwiri. Kenako kokerani mafoda anu pawindo la disikiyo, dinani "Finish burning" kapena "Burn to disc" malinga ndi Windows yanu, lembani dzina, sankhani liwiro, dikirani mpaka kadirowa katatuluka kokha.

Pa liwiro ndikhalapo pang'ono. Disiki yolembedwa liwiro la 16x ikhoza kutha m'mphindi 6, koma kufulumira kumeneko n'kumene kumabala madisiki amene amasewera lero n'kukana mwezi wamawa. Mkati mwa disiki muli utoto wopyapyala, ndipo kuwala kwa leza kumawotcha timadontho ting'onoting'ono pa utotowo. Makina okalamba akathamanga, timadontho timatuluka tosaoneka bwino. Sankhani 8x, imene imatenga mphindi pafupifupi 10, kapena 4x, imene imatenga pafupifupi 15. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu ngati ImgBurn kapena CDBurnerXP, zomwe n'zaulere, chongani pa "Verify". Makina akamaliza kulemba amawerenganso disiki yonse n'kufananiza ndi mafayilo a pa kompyuta. Ambiri amadumpha pamenepa pofuna kupulumutsa mphindi zochepa, n'kudzazindikira patapita zaka kuti theka la zithunzi silitseguka, kompyuta yakale itafa kale.

Ndipo musayambe kuwotcha nthawi ya kuzima kwa magetsi itayandikira. Kompyuta ya patebulo ilibe batire. Magetsi akathima pakati, DVD-R imeneyo yatayika, singapitirizidwe. Ngati muli ndi UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi a kompyuta) kapena inveta, zili bwino. Ngati mulibe, onani kaye ndandanda ya malodi shedingi ya dera lanu.

Tibwere ku funso lanu lachitatu, la vidiyo imene inakana. Ndikuganiza kuti mnyamatayo anangokopera fayilo ya MP4 pa disiki monga momwe amachitira pa memore kadi. Pa kompyuta imeneyo imasewera bwinobwino, mwina anakuonetsaninso musanachoke. Koma DVD pleya ya kunyumba si kompyuta. Imafuna disiki ya mtundu wa DVD-Video, momwe vidiyo yasinthidwa kukhala MPEG-2 n'kuikidwa mu foda yotchedwa VIDEO_TS. Mungatsimikize nokha: ikani disikiyo mu kompyuta n'kuitsegula. Mukaona foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo othera ndi VOB, IFO ndi BUP, ndiye ndi DVD yeniyeni, ndipo vuto lili kwina, mwina sinatsekedwe kapena diso la pleya, kagalasi kowerengera disiki, lada. Mukaona fayilo imodzi yothera ndi MP4, mwapeza chifukwa. Mapleya ena olembedwa DivX amasewera mafayilo a AVI, nyimbo za MP3 ndi zithunzi za JPEG, koma vidiyo ya mafoni a masiku ano ambiri sailandira.

Kupanga DVD-Video kumafuna pulogalamu yake. Windows 7 inali ndi Windows DVD Maker, koma kuyambira Windows 8 anaichotsa. DVDStyler ndi yaulere ndipo imagwira bwino ntchitoyi. Poyamba penipeni idzakufunsani PAL kapena NTSC, mitundu iwiri ya kaonetsedwe ka zithunzi pa TV. Ku Zambia kuno, monganso ku Malawi, ndi PAL, ya 720x576 ndi zithunzi 25 pa sekondi. Sankhaninso 16:9 ngati vidiyo inajambulidwa foni itagonekedwa. Ngati wojambula anaimika foni, pa TV padzakhala kachithunzi kowonda pakati ndi mdima mbali zonse, ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezo bwino. Auzeni achinyamata a kwaya azigoneka foni. Kokerani mavidiyo m'munsi mwa windo la DVDStyler, nyimbo iliyonse ikhale mutu wake kuti anthu azitha kudumpha ndi rimoti. Disiki imodzi imanyamula maola awiri chithunzi chikadali chabwino. Mukaumiriza maola anayi zilowa ndithu, koma nkhope za oimba zidzasanduka timabokosi akangoyamba kuvina. Kusintha vidiyoko kumatenga nthawi kuposa kuwotcha, pa kompyuta yakale ngakhale ola kapena kupitirira, choncho musaganize kuti yaima. Ndi bwino kuuza DVDStyler kuti ipange kaye fayilo ya ISO, yomwe ndi kope la disiki yonse mu fayilo imodzi, muiyese ndi VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo, kenako muwotche pa DVD-RW n'kukayesa pa pleya ya kunyumba. Ikasewera, ISO yomweyo mungawotchere madisiki makumi awiri a anthu a kwaya popanda kusinthanso kanthu: dinani kumanja pa fayiloyo, sankhani "Burn disc image".

Dziwani kuti DVD-Video imachepetsa kuoneka bwino kwa vidiyo ya foni, chifukwa mizere 576 ndi yochepa poyerekeza ndi 1080. Choncho pangani ziwiri zosiyana: ina yoonera pa TV, ina ya mafayilo oyambirira osasinthidwa yosunga. Fayilo imodzi ikaposa 2 GB, sankhani UDF, kalembedwe ka disiki kolola mafayilo aakulu, mu pulogalamu yowotchera, apo ayi ikhoza kukana.

Apa ndiponso pali phindu lina limene ana a m'tauni amaiwala. Agogo a kumudzi amene ali ndi ka TV ka sola ndi pleya safunikira bando kapena netiweki kuti aonere ukwati wa mdzukulu. Vidiyo ya Kulamba ku Mkaika kapena ya Nc'wala ku Mtenguleni imene munajambula nokha mukhoza kuipereka kwa dalaivala wa basi, ndipo ikapanda kubwerera simudandaula monga mungadandaulire fulashi. Ndanena kuti imene munajambula nokha mwadala. Kuwotcha nyimbo kapena mafilimu a eni ake n'kumagulitsa ndi mlandu pansi pa lamulo la Copyright and Performance Rights Act, ndipo n'kulanda oimba chakudya pakamwa.

Za wailesi ya m'galimoto ndingodutsa. Yambiri imawerenga CD yokha, osati DVD. CD-R imanyamula 700 MB kapena mphindi 80 mukaiwotcha ngati Audio CD, yomwe imalira paliponse. Ngati wailesiyo yalembedwa MP3, CD imodzimodziyo inyamula nyimbo zoposa 100.

Kasungidwe ndiko kamasiyanitsa disiki ya zaka zambiri ndi ya nyengo imodzi. Utoto uja umadana ndi dzuwa ndi kutentha. Disiki yosiyidwa pa dashibodi mu Okutobala, kapena pawindo la nyumba ya malata, imapindika kapena kufufuma. Isungeni m'kabokosi kake, choimirira ngati buku, m'kabati mwamthunzi. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala lili ndi mchenga, ndiye musapukute ndi chitenge chimene mwavala. Tengani kansalu kofewa, pukutani kuchokera pabowo kupita kunja, osati mozungulira, chifukwa kukalika kotsata mzere wa zolembedwa kumawononga zambiri kuposa kodutsa mopingasa. Lembani ndi maka yofewa, makamaka pa kabwalo koyera ka pakati. Bolopeni ayi, makamaka pa CD, pomwe zolembedwa zili pansi penipeni pa chikuto cha pamwamba. Pa DVD zili pakati pa mapulasitiki awiri, ndiye imapirirako. Mapepala omata musaikepo. Amapangitsa disiki kulemera mbali imodzi, imanjenjemera ikamazungulira, ndipo pepala likamatuka ndi kutentha limakodwa mkati.

Musakhulupirire disiki imodzi. Wotchani ziwiri, ina ikhale kwanu, ina ku ofesi ya mpingo kapena kwa wachibale ku Chipata, ndipo mafayilo akhalebe pa kompyuta. Kamodzi pachaka, mwina mukamakonza lipoti la kumapeto kwa chaka, ikani disiki iliyonse n'kukopera zonse pa kompyuta. Ikayamba kuchedwa kapena kujejema, wotchani yatsopano tsiku lomwelo.

Popeza kompyuta yanu ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, makinawo akhoza kukhala ndi matenda a ukalamba. Kadirowa kakakana kutuluka, kawirikawiri ndi kalamba ka mphira mkatimo katafooka. Zimitsani kompyuta, wongolani kawaya komangira mapepala, kalowetseni pa kabowo kakang'ono kamene kali pafupi ndi batani, kankhani pang'ono, kadirowa katuluka. Ngati ikuwerenga CD koma DVD ayi, kapena mosinthanitsa, musadabwe: muli ma leza awiri, lina la CD lina la DVD, ndipo limodzi likhoza kufa linzake likugwirabe. Ngati imawerenga koma kuwotcha kumalephera pakati, yesani kaye kutsitsa liwiro ndi kusintha mtundu wa disiki, kenako diso liyeretsedwe fumbi. Zikakanika, makina a m'kati amangomasulidwa masikulu anayi kapena kachotsekera, ndi mawaya awiri a SATA, lina la magetsi lina la deta, ndipo wokonza makompyuta aliyense angaike ena. Palinso a USB olumikiza kunja, othandiza kwa amene ali ndi laputopu yopanda kadirowa. Amenewa amafuna mphamvu yambiri, choncho alumikizeni mwachindunji, pa kompyuta ya patebulo mabowo a kumbuyo, osati kudzera pa kachipangizo kogawa mabowo. Chingwe chikakhala cha mitu iwiri, lowetsani yonse.

Mukagula filimu yoyambirira ya kunja, kompyuta ingakufunseni za "region", chigawo cha dziko lapansi chimene disikiyo inapangidwira. Zambia ili m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2. Makina amalola kusintha kasanu kokha, kenako amakhazikika pa chomaliza, ndiye musamangodina. Madisiki owotcha nokha alibe chigawo, asewera kulikonse kumene pleya imalandira PAL.

Ndiye amayi, poyambira gulani DVD-R khumi, DVD-RW imodzi, maka yofewa ndi timabokosi. Yambani ndi makalata a mpingo ndi zithunzi za ukwati, chifukwa n'zosavuta ndipo mudziwa msanga ngati makinawo ali moyo. Vidiyo ya kwaya ibwere pambuyo, tsiku limene magetsi alipo tsiku lonse. Disiki ya mnyamata uja musaitaye: mukapezamo MP4, ikopereni, muilowetse mu DVDStyler.