Mphatso ya mwana wopita ku fomu 1 idzere m'manja mwa agogo ake

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukunena kuti mwana wa mlongo wako wakhoza mayeso a sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita kusukulu ya sekondale yogonera komweko m'boma la Dedza. Iwe uli ku Johannesburg, ndipo unatumiza ndalama kwa amayi ako kuti amugulire mdzukulu wawoyo foni yamakono, koma iwo akana, akuti akufuna kugula thiranki, bulangete ndi ndowa, moti tsopano mwatha masiku angapo musakulankhulana bwino. Ukufunsa ngati amayi ako sakutsalira m'mbuyo, komanso ngati n'koyenera kuti ndalama zimene unakhetsera thukuta ziyendere maganizo a munthu wina.

Choyamba ndikuyamikire, chifukwa wakumbukira udindo wako. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wako akapita patsogolo, anthu sayang'ana bambo ake okha, amayang'ananso iwe. Kusankhidwa si chinthu chapafupi. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana olemba mayeso a MANEB achuluka kwambiri, pamene malo m'sukulu zogonera komweko sanachuluke mofanana, kotero mtsikana amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa sukulu yotere wadutsa pakati pa anzake ambirimbiri. Ayenera mphatso ndithu. Pamene tikusiyana ndi pa mtundu wa mphatsoyo.

Ine ndili kumbali ya amayi ako, ndipo si chifukwa chakuti tonse ndife okalamba. Mphatso ya mwana wopita kusukulu saisankha poyang'ana tsiku limene akuilandira, amaisankha poganizira masiku amene adzakhale nayo kumeneko, kuyambira pamene belu lidzamudzutse kusanache mpaka pamene adzatuluke ku pulepu usiku. Amayi ako, ngakhale mwina sanaponde m'kalasi ya sekondale, aganiza masiku amenewo mmodzimmodzi. Taona nkhani ya bulangeteyo. Chaka cha sukulu chimayamba mu September, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu ambiri pogula katundu wa mwana nthawi imeneyo amaiwala kuti kunja kumazizira. Koma teremu yachitatu imagwa m'miyezi ya May, June ndi July, ndipo aliyense amene anagonapo ku Dedza m'miyezi imeneyo amadziwa mmene chisanu chake chimalowera m'mafupa. Mwana amene wagona atadzipinda usiku wonse pansi pa kansalu kopyapyala, m'mawa mwake masamu samveka. Amayi ako akuona June ali mu September, ndipo nzeru imeneyo sindingaitche kutsalira.

Za foni ndinene mwachidule. Sukulu zambiri zogonera komweko sizilola ophunzira kusunga foni, ndipo mwana akapezeka nayo amalandidwa, mwinanso makolo kuitanidwa. Ukamupatsa chinthu chimene malamulo a sukulu amakana, ndiye kuti phunziro lake loyamba kusekondale likhala kubisa ndi kunama, ndipo mphunzitsi wake wa phunziro limenelo ukhala iwe malume ake. Ndikudziwa kuti chimene ukufuna kwenikweni ndi kumva mawu ake uli kutali, ndipo mtima umenewo ndi wabwino. Koma pali njira yake: mlongo wako atenge nambala ya amatironi kapena ya aphunzitsi oyang'anira kalasi yake, ndipo pa holide mudzalankhulana mpaka kutopa pa foni ya agogo ake.

Ndikuuze kulakwa kwanga, kuti usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanapunthwepo. Mdzukulu wanga woyamba atasankhidwa, ndinagulitsa mbuzi n'kumugulira wotchi yonyezimira ndi nsapato za mtengo wapatali, chifukwa ndinkafuna kuti anzake aone kuti akuchokera pakhomo pa anthu. Loko wa thiranki yake ndinagula wotchipa, wa pa benchi ya pamsika. Sipanathe milungu iwiri, wotchi ndi nsapato zinasowa mu hositelo, ndipo mwanayo, poopa kundiuza, anatha teremu yonse akuvala nsapato zobwereka zimene zinamutupitsa zala. Atabwera ku holide ndinaona akuyenda motsimphina, ndipo nditamukhazika pansi anayamba ndi kulira asananene kanthu. Chimene chinandipweteka si mbuzi ija ayi, koma kuti mphatso yanga inamusenzetsa katundu wa mantha kwa miyezi itatu. Mwana wa fomu 1 ndi mlendo, ndi wamng'ono kwa onse, ndipo ngakhale kuzunza a fomu 1 n'koletsedwa, maso a akuluakulu ake amagwera msanga pa amene wabwera ndi zonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono ndalama zako zigwire ntchito yanji? Sukulu iliyonse imapereka mndandanda wa zofunika pamodzi ndi kalata yoitanira mwana, ndipo choyamba n'chakuti mlongo wako akuwerengere mndandanda umenewo, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati mwana kufika ndi mphatso yodula koma alibe yunifolomu yachiwiri. Zimenezo zikakwana, thiranki ikhale yachitsulo cholimba, yokhala ndi loko wabwino ndi makiyi awiri, mmodzi amange pa chingwe azivala m'khosi, wina atsale kwa agogo ake. Neti ya udzudzu isaiwalike, pakuti mvula ikayamba mu November malungo sachedwa. Ngati ukufuna chinthu chamakono chimene chidzatchedwe chako, gula nyale ya sola yaing'ono yowerengera magetsi akazima, kalikuleta ya sayansi yeniyeni osati yongofanizira, seti ya masamu, ndi dikishonale ya Chingerezi. Kusekondale pafupifupi maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mwana wochokera kusukulu ya kumudzi amakumana ndi mawu achilendo tsiku ndi tsiku mu bayoloje, jogalafe ndi mbiri yakale. Dikishonale ndi kalikuleta, akazisamala, zidzamufikitsa ku mayeso a JCE mu fomu 2 mpaka a MSCE mu fomu 4, pamene foni ikanakhala itasweka galasi kalekale.

Pali zinthu zina zimene iwe ngati mwamuna sungazione, ndipo mwambo sukulola kuti uzifunse. Mtsikana wa msinkhu umenewu ali ndi zosowa zake za mwezi ndi mwezi, ndipo amene amalankhula naye za zimenezo momasuka ndi agogo ake aakazi, chifukwa pakati pa gogo ndi mdzukulu palibe manyazi amene amakhala pakati pa mwana ndi makolo ake kapena malume ake. Pamene amayi ako akunena za ndowa, sopo ndi zitenje, pali zambiri zimene sakukutchulira, ndipo usawaumirize kuti akuwerengere tambala iliyonse. Mtsikana amene wasowa zinthu zoterezi ali kutali ndi kwawo amajomba m'kalasi, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti amatha kuyamba kulandira thandizo kwa anthu amene thandizo lawo lili ndi ngongole. Usiyeko ndalama ina m'manja mwa amayi ako popanda kufunsa ntchito yake.

Tsopano ndibwere pa funso lako lachiwiri, lakuti ndalama ndi zako. Zoonadi ndi zako, koma unazitumiza kwa amayi ako kuti iwo apereke, ndipo pamenepo unachita mwanzeru mwina osadziwa. Mphatso ya paulendo pakati pathu siyenda yokha, imayenda ndi mawu. Madzulo a tsiku lomaliza mwana amakhala pamkeka, agogo ake amamuikira katundu patsogolo, iye amagwada n'kulandira ndi manja awiri, kenaka amamva malangizo: kulemekeza aphunzitsi, kusankha anzake, kusabwereka zovala za eni, kukumbukira chimene wapitira. Mawu amenewo amakakamira pa katunduyo, moti usiku uliwonse akafunda bulangete lija amakumbukira amene anamufunditsa. Iwe uli ku Johannesburg sungakhale pamkeka umenewo, ndipo foni yofika pa basi m'katoni singalankhule m'malo mwako. Amayi ako adzanena pamaso pa onse kuti izi zachokera kwa malume ako, ndipo dzina lako lidzamveka bwino kuposa mmene likanamvekera ukanawadumpha. Ukawalanda mwayi wosankha, ndiye kuti wawasandutsa wamthenga wako, ndipo mwanayo adzaona kuti pabanja panu mwini ndalama ndiye mwini mawu.

M'kalata yako watchulanso mongodutsa kuti pali mnyamata wa mchimwene wako amene wasankhidwa kusukulu yoyendera, ya CDSS, ndipo za iye sunafunse kanthu. Apa ndiye ndikudzudzule pang'ono. Onsewo ndi adzukulu a amayi ako, ndipo nkhani ikamveka kuti wina walandira thiranki yodzaza pamene wina wangouzidwa kuti zikomo wakhoza, chilonda chake chidzakhala pakati pa ana awiriwo ngakhale inu akuluakulu mutaiwala. Mwana wa sukulu yoyendera ali ndi mavuto akeake: mtunda wautali m'mawa ndi madzulo, mvula ya m'njira, mabuku ochepa, ndi ntchito za pakhomo zimene zimamudikira akaweruka. Kwa iye njinga, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi mphatso yaikulu kuposa china chilichonse, ndipo ngati njinga yakula mtengo, ambulera, chikwama cholimba ndi nyale yowerengera usiku zimukwanira. Mtengo wa foni imene unkafunayo ukhoza kugawika pa ana awiriwa popanda wodandaula.

Usaiwalenso kuti sekondale ndi zaka zinayi, materemu khumi ndi awiri. Achibale ambiri amasangalala teremu yoyamba, kenaka n'kuzimiririka, ndipo pofika fomu 3 mwana amanyamuka ndi sopo mmodzi ndi ndalama ya basi yopita yokha. Kuli bwino kuti upereke zochepa tsopano koma uzitumiza kangachepe kumayambiriro kwa teremu iliyonse, kaya pa Mukuru kaya njira ina imene umagwiritsa ntchito, kuti amayi ako azitha kumukazingira mtedza, kumusinjira chiponde ndi kumugulira shuga wa phala, chifukwa nsima ya nyemba ya tsiku ndi tsiku imatopetsa ngakhale mwana wopirira.

Imbira amayi ako lero, ndipo uyambe ndi kupepesa usananene za ndalama. Uwauze kuti agule thiranki ndi bulangete lokhuthala monga anaganizira, ndipo uwapemphe kuti apeze munthu wolemba bwino alembe dzina la mwanayo ndi penti yoyera pa chivundikiro, chifukwa mathiranki a pamsika amafanana onse ndipo tsiku lotsekera sukulu amaunjikidwa malo amodzi. Za foni umuuze mwanayo ndi pakamwa pako kuti idzabwera akadzamaliza kulemba mayeso a fomu 4, ndipo ulembe lonjezo limenelo penapake, chifukwa iye sadzaiwala.