Kodi ndi Mulungu amene anakonza kuti ndizunzike chonchi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wazaka 34. Dzina sinditchula, koma andilola kuti ndiwayankhe pano. Makolo awo anamwalira iwo ali ndi zaka 9, ndipo analeredwa ndi achibale amene ankawamenya n'kumawauza tsiku ndi tsiku kuti ndi mtolo chabe pakhomopo. Analemba kuti: "Kutchalitchi amandiuza kuti Mulungu anali ndi cholinga, ndipo abusa akufuna ndikapereke umboni. Koma ndikakumbukira, mtima umangotentha. Kodi ndi Mulungu amene anakonza kuti ndizunzike chonchi? Nanga cholingacho ndichipeza bwanji?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi funso loyambalo, chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo. Ayi, sindikhulupirira kuti Mulungu ndiye anagwira dzanja la munthu amene ankakumenyani. Kumenya mwana wamasiye ndi tchimo, ndipo Eksodo 22 imachenjeza mwamphamvu aliyense wozunza ana amasiye kuti Mulungu adzamva kulira kwawo. Sangakhale wolamula chinthu chimene iye mwini amadana nacho.

Anthu amakonda kuthamangira pa Genesis 50:20, pamene Yosefe akuuza abale ake kuti iwo anamukonzera zoipa, koma Mulungu anazisandutsa zabwino. Vesili ndi lokoma, koma timalidya mbali imodzi. Taonani kuti Yosefe sanafufute theka loyambalo. Choipa anachitchula kuti choipa, pamaso pa amene anachichita. Sananene kuti "munandithandiza pondigulitsa." Ndiponso muwerenge zaka. Anamugulitsa pa ndalama 20 zasiliva ali ndi zaka 17. Anakaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Pakati apo pali zaka 13 za ukapolo ndi ndende, kuphatikizapo zaka ziwiri zathunthu zimene wopereka chikho wa Farao, amene anali naye m'ndende, anamuiwaliratu. Onjezani zaka 7 za zokolola zambiri ndi ziwiri za njala, mupeza kuti panapita zaka pafupifupi 22 asanadziulule kwa abale ake. Ndipo tsiku limenelo analira mokweza mpaka Aigupto anamva. Nduna yaikulu ya dziko lonse, kulira ngati mwana. Mawu a pa 50:20 aja anawalankhula patapitanso zaka zina 17, bambo ake atamwalira. Ife timafuna munthu awanene bala likuchucha magazi.

Pali kanthu kena m'nkhaniyi kamene kamandikhudza. Mwana wake woyamba anamutcha Manase, kusonyeza kuti Mulungu wamuiwalitsa mavuto ake onse. Koma taganizani: nthawi iliyonse akaitana mwanayo, ankatchula zomwe ankati waiwalazo. Wachiwiri anamutcha Efraimu, chifukwa Mulungu anamubalitsa m'dziko la masautso ake. Dzikolo ankalitchulabe la masautso ngakhale anali atavala mphete ya Farao. Choncho ngati mukudikira tsiku limene simudzakumbukiranso kuti muyambe kukhala wothandiza ena, mwina mukudikira chimene ngakhale Yosefe sanalandire.

Za umboni uja, ndikuuzeni zanga. Mwana wanga woyamba anamwalira ali ndi miyezi 5. Patangopita miyezi 8, ndinaima kutsogolo kwa mpingo, maikolofoni kumanja, n'kunena kuti Mulungu wandichiritsa. Anthu anaomba m'manja, ena anagwetsa misozi. Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko, n'kutulutsa kachipewa kake kamene ndinabisa pansi pa sutikesi, n'kukhala pansi mpaka kunja kutada. Sikuti ndinafuna kunamiza anthu. Ndinkangoganiza kuti Mkhristu weniweni sachedwa kuchira, ndiye ndinavundikira chilonda chili ndi mafinya. Choipa kwambiri chinali chakuti kuyambira pamenepo sindikanathanso kuuza aliyense kuti ndikuvutika. Nanga si ndinali nditalengeza kale kuti zatha?

Cholinga chimene mukufunsachi chinandipeza patapita zaka zinayi, ndipo sichinabwere ndi kuwala kapena maloto. Ndinapita kuchipatala kukaona mnzanga, ndipo pabenchi panja panali mtsikana wina atakumbatira kansalu kopindapinda, maso ali gwa pakhoma. Ndinadziwa nthawi yomweyo, chifukwa kakhalidwe kameneko ndinakhalapo. Anthu ankadutsa n'kumamuuza kuti alimbe mtima, adakali wamng'ono, adzabereka wina. Mawu amenewo ndinkawadziwa kupweteka kwake, choncho sindinawanene. Ndinangokhala pambali pake. Patapita nthawi ndinamufunsa dzina la mwanayo. Anandiyang'ana, n'kulitchula, kenako kulira kunabwera. Palibe amene anali atamufunsa dzina.

Zimenezi n'zimene Paulo akunena pa 2 Akorinto 1:4, kuti Mulungu amatitonthoza kuti ifenso titonthoze ena ndi chitonthozo chomwecho chimene tinalandira. Onani ndondomeko yake: kulandira kaye, kupereka pambuyo. Ndipo kawirikawiri chimene bala limatipatsa si ulaliki, koma maso ndi makutu. Anzake atatu a Yobu anachita bwino masiku 7 oyambirira aja, atangokhala naye pansi osalankhula. Zinasokonekera atatsegula pakamwa n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake akuvutika.

Mwina mwamvapo za Corrie ten Boom, mayi wa ku Haarlem m'dziko la Netherlands, amene banja lake linkabisa Ayuda pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Anamangidwa mu February 1944, ndipo mkulu wake Betsie anafera kundende ya Ravensbrück ku Germany, kumene onse awiri anatsekeredwa, mu December chaka chomwecho. Nkhondo itatha, Corrie anatsegula nyumba yosamalira anthu opulumuka kundende zoterozo. Koma mu 1947, atamaliza kulankhula za chikhululukiro m'tchalitchi china ku Munich, munthu amene anali mlonda kundende ija anabwera kudzamupatsa dzanja. Mwiniwake anafotokoza kuti dzanja lake linakana kudzuka mpaka atapempha Yesu kuti amuthandize. Utumiki unali utayamba kale, mtima ukadali ndi malo ouma. Ndiye musadziweruze chifukwa choti mtima ukutenthabe.

Pa nkhani ya achibale aja, kukhululuka sikutanthauza kubwerera kukadziika m'manja mwawo. Yosefe yemweyo anawayesa abale ake kaye, kuti aone ngati angamutaye mng'ono wake Benjamini monga anamutayira iye. Mkwiyowo upite nawo kwa Mulungu mmene ulili, osaukongoletsa. Salimo 88 limathera mumdima, popanda "aleluya" aliyense, koma lili m'Baibulo ndithu. Ngati kukumbukirako kukukulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, pitani kwa phungu wodziwa za maganizo. Kutero si kuchepa chikhulupiriro, monganso wothyoka mwendo sachimwa akapita kwa dokotala.

Abusa anu muwauze mwaulemu kuti nthawi sinakwane. Mbusa wabwino amva. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhaniyo ndi yanu, ndipo mwina mudzainena pagulu, mwinanso mudzangoiuza munthu mmodzi pabenchi. Yesu ataukitsidwa, zipsera za misomali zinalipobe, ndipo anazionetsa kwa ophunzira ake m'nyumba yotseka zitseko, Tomasi n'kuuzidwa kuti akhudze. Sanapite nazo kubwalo la Pilato.

Lamlungu likubwerali, mukalowa m'tchalitchi, tayang'anani kumene kumakhala ana. Mwina pali mmodzi amene amadzidzimuka munthu wamkulu akangokweza dzanja, amene amaseka pokhapokha ataona kaye nkhope ya amene wabwera naye. Ena onse sangamuone. Inu mumuzindikira msanga. Musamufunse zambiri tsiku loyamba. Mufunseni dzina, ndipo sabata yotsatira mudzamuitane nalo.