Mchenga wa m'nyanja yakale unachokera kuti?

Funso: Akonzi, akuti mwala wa mchenga wa Tapeats ku Grand Canyon, m'dziko la America, unali mchenga wa m'nyanja yamchere kalekale. Akatswiri amadziwa bwanji kumene mchengawo unachokera, pamene mapiri ake anakokoloka kale? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Umboni uli m'timibulu ta mwala wolimba kwambiri wotchedwa zircon, tochepa ngati milimita 0.1, tomwe timasakanikirana ndi mchengawo. Zircon ikamaumbika m'chiphalaphala chimene chikuzizira imalola yureniyamu (chitsulo chimene chimasanduka mtovu pang'onopang'ono) kulowa, koma mtovu imaukana. Choncho mtovu wopezeka mkatimo wachokera ku yureniyamu yomweyo. Theka la yureniyamu-238 limasanduka mtovu-206 pakatha zaka 4.47 biliyoni, ndipo theka la yureniyamu-235 limasanduka mtovu-207 pakatha zaka 704 miliyoni. Miyeso iwiriyi ikagwirizana, zaka za kambuluko n'zodalirika. Ikasiyana kupitirira 10 peresenti, ambiri amakataya.

Ntchito yake ndi yotopetsa. Mwala wolemera makilogalamu 2 mpaka 5 amauphwanya n'kusefa kuti patsale zosapitirira milimita 0.3. Amatsuka pa tebulo logwedera, ngati kupeta, kuti zolemera zipite mbali yawo. Maginito amachotsa zachitsulo. Zotsalazo amazithira m'madzi apadera, methylene iodide, olemera kuposa madzi wamba ka 3.3: quartz (timiyala toyera tochuluka mumchenga), yomwe ndi 2.65, imayandama, zircon ya 4.6 n'kumira. Kenaka timibuluto amatimata mu guluu wolimba wotchedwa epoxy, kutipala mpaka pakati, kutijambula kuti mizere ya mkati ioneke, ndiyeno kuwala kwamphamvu kwa laser kumaboola kabowo ka milimita 0.02 mpaka 0.03 kuti ayeze yureniyamu ndi mtovu.

Zakazo amaziyerekeza ndi za miyala yodziwika kale. Mu Tapeats zambiri ndi zaka 1.4 ndi 1.7 biliyoni, zofanana ndi miyala ya chigawo chomwecho. Miyala ina ya mchenga pamwamba pake ili ndi timibulu tambiri ta zaka 1.0 mpaka 1.2 biliyoni, tolozera ku mapiri a Appalachian, mbali ina ya kontinenti.

Funso: Ndiye zaka zimenezi ndizo zaka za mwala wa mchengawo? Mphunzitsi, Mzuzu.

Yankho: Ayi aphunzitsi, ndipo ophunzira anu amvetsetse bwino pamenepa. Zircon imanena nthawi imene inaumbika, osati nthawi imene mchenga unakhazikika pansi pa nyanja. Chimene tingatsimikize n'chakuti mwalawo sungakhale wakale kuposa timibulu take tatsopano kwambiri. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza timibulu ta zaka 501 mpaka 505 miliyoni mu Tapeats, kutanthauza kuti nyanja inasefukira kuderali mochedwa kuposa mmene anthu ankaganizira.

Musadalire kambulu kamodzi. Zircon yoonongeka ndi yureniyamu yake imataya mtovu n'kuoneka yatsopano kuposa mmene ilili. Kena kangakhale kotsalira m'makina ophwanyira kuchokera ku mwala wina, n'chifukwa chake makinawo amatsukidwa asanaikemo mwala watsopano. Dalirani gulu la timibulu titatu kapena kuposerapo togwirizana zaka.

Funso: Njira imeneyi imanamiza pati? Wowerenga, Johannesburg.

Yankho: Vuto lalikulu ndi kulimba kwa zircon komweko. Kambulu kangachoke m'phiri, kukhala mu mwala wa mchenga zaka mamiliyoni mazanamazana, kukokolokanso n'kulowa mu wina, zaka zake osasintha. Munthu wopupuluma amajambula mtsinje wautali pa mapu, chonsecho mchengawo unachokera ku mwala wa mchenga wapafupi. Ndi bwino kuonanso mbali imene madzi ankalowera, zomwe mizere yopendekeka ya m'mwalamo imasonyeza, komanso kuyeza hafnium, chitsulo china chopezeka mu zircon, kuti musiyanitse madera a zaka zofanana.

Miyala siipereka zircon mofanana. Granite ili nayo yambiri, basalt yochepa zedi, moti dera lalikulu la basalt lingasoweke m'zotsatira. Mafunde nawonso amasankha. Amene anafikapo kugombe la Chipoka anaona mizere ya mchenga wakuda kumene zolemera zimaunjikana. M'nyanja zakale zinalinso choncho, kotero malo otengapo mwala ali ndi kanthu.

Pomaliza ndi dzanja la woyeza. Akamatola timibulu tikulutikulu toyera tokha, zotsatira zimapendekera mbali imodzi. Ayeze mosasankha, ndiponso tokwanira: katswiri wa miyala Pieter Vermeesch anawerengera mu 2004 kuti pafunika timibulu 117 kuti mukhale otsimikiza 95 peresenti kuti simunaphonye gulu loposa 5 peresenti ya zonse. Masiku ano malabotale ambiri amayeza 300 kapena kuposerapo.