Web app yolumikiza mabungwe achifundo ndi ofuna kuthandiza: poyambira ndi pati?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti akufuna kupanga web app yoti anthu ongodzipereka ndi opereka ndalama azikumanirapo ndi mabungwe achifundo. Akufunsa ziwiri: agwiritse ntchito Django kapena Laravel (zida zopangira web app), nanga ndalamazo azizilandira bwanji?

Anzanga, za Django ndi Laravel zisakusowetseni tulo. Tengani yomwe manja anu adazolowera, muikepo PostgreSQL yosungira data, basi. Pomwe pagona nkhani ndi pa kukhulupirika.

Munthu asanatulutse ndalama yake amafuna kutsimikiza kuti bungwelo lilipodi. Choncho musanalembe code iliyonse, khalani pansi muone mmene muzifufuzira bungwe lililonse lofuna kulowa: satifiketi yosonyeza kuti lili m'kaundula wa boma, mayina a akuluakulu ake, lipoti la zachuma la chaka chatha, komanso akaunti ya kubanki yomwe ili m'dzina la bungwe, osati la munthu. GlobalGiving, webusaiti yolumikiza opereka ndalama ndi mabungwe achifundo, yomwe idayamba mu 2002, imayamba yafufuza bungwe isanalilole kupempha thandizo. Ntchito imeneyi kompyuta siingaithe yokha, pafunika munthu woti aziwerenga mapepalawo ndi kuimba foni. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa nsomba ikawola imodzi, zonse zawola: kathyali mmodzi akalowerera, mabungwe oona mtima nawonso anthu awathawa.

Ndalamazo zisamadutse m'manja mwanu. Njira yolipirira pa intaneti ngati Stripe Connect imatha kutumiza chopereka ku akaunti ya bungwelo, koma yambani mwaona ngati imagwira ntchito m'dziko lomwe muli. Manambala a makhadi musawasunge pa seva yanu, malamulo a PCI DSS, oteteza makhadi olipirira, ndi okhwima kwabasi.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha ongodzipereka. Munthu waona uthenga woti akufuna wophunzitsa ana masamu Loweruka, mtima wamutentha, wadzaza fomu, watumiza. Sabata yatha, zii. Kumeneko n'kuti malowo adapezapo munthu kalekale, kungoti palibe adachotsa uthengawo. Ameneyo sadzabweranso, ndipo mwina sadzayesanso kwina. Ndiye uthenga uliwonse ukhale ndi tsiku lothera, pulogalamu iziwubisa yokha ngati bungwe silinatsimikize kuti likufunabe munthu. Bungwe likachedwa kuyankha, lizilandira imelo yokumbutsa. Kumbukiraninso kuti ogwira ntchito m'mabungwe aang'ono amakhala otanganidwa, fomu yawo ikhale yaifupi, yotheka pa foni.

Ntchito ikakhala yokhudza ana kapena odwala, bungwe lizimufufuza kaye munthuyo, ndipo manambala a foni asamaonekere poyera. Ngati mudzakhale ndi anthu a m'maiko a European Union, lamulo la GDPR loteteza zinsinsi za anthu, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, likukukhudzani.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi mbali ya ongodzipereka yokha, ndi mabungwe ochepa omwe ndakambirana nawo ndekha. Batani la zopereka lidikire mpaka njira yofufuzira mabungwe itakhazikika.