Chifukwa chake E. coli amayamba wamaliza glucose

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake mabakiteriya anu a E. coli amayamba amaliza shuga wa glucose asanadye lactose, shuga wa mumkaka. Mabakiteriya anuwo alibe vuto, akungosunga mphamvu. Glucose akakhalapo, lac operon, gulu la majini othandiza bakiteriya kudya lactose, imatseguka pang'ono chabe ngakhale lactose atakhala wambiri.

Majini ake atatu, lacZ, lacY ndi lacA, ali mondondozana pa DNA ndipo amakopedwa limodzi kukhala mRNA imodzi (uthenga wopangira mapuloteni), ngati mashopu atatu a mumsika wa Mzuzu oyatsira magetsi pamalo amodzi. Pa operator, kachigawo ka DNA kotsogola majiniwa, pamakhala repressor, puloteni yochokera ku jini ya lacI, yotchinga RNA polymerase, puloteni yokopera majini. Lactose akalowa, wina amasanduka allolactose, amene amagwira repressor n'kuichotsapo. Ophunzira ambiri amalekera pomwepa, n'chifukwa chake funso lanuli limawagwetsa. Pamafunikanso puloteni ya CAP yogwirana ndi kamolekyu ka cAMP kuti ithandize polymerase kukhazikika pa promoter, poyambira kukopera, ndipo cAMP imachuluka glucose akachepa. Ndiye operon imagwira ntchito mwamphamvu pokhapokha lactose alipo koma glucose watha.

Ine kuloweza kunandikanika. Ndinamvetsa usiku wina wozizira ku Luwinga nditajambula DNA papepala, zitsekerero za mabotolo n'kukhala mapuloteni, kumazisuntha pochotsa kapena kuika shuga aliyense. Yesani, n'zosavuta kuiwala mukangowerenga. François Jacob ndi Jacques Monod anafotokoza za operon mu 1961, analandira mphoto ya Nobel mu 1965.

Ngati mu labu mabakiteriya akupanga enzyme yogaya lactose popanda lactose, kawonetseni aphunzitsi anu, mwina lacI kapena operator yasintha. Zija mwanena zoti mkaka umakutsegulani m'mimba n'zina, anthufe tilibe lac operon, kaonaneni ndi dokotala.